Ndime Imene Ndinawasankhira a Layisoni

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa mmene ine ndingathere. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli nkhani imene sindinakuuzenipo, imene ngakhale mayi anu anamwalira akuidziwa theka lokha. Inu mumandidziwa ngati munthu amene anaphunzitsa alaliki zaka makumi atatu. Tsiku londitsanzika anthu anayankhula zabwino zambiri, mpaka ine ndemwe ndinayamba kumusirira munthu amene ankamunenayo. Mutu uno ndi wa zimene sizinanenedwe tsiku limenelo.

Zaka ziwiri nyanja isanaphwe

Nditamaliza maphunziro a zaumulungu ku Zomba sindinadzozedwe ubusa. Akuluakulu anandiuza mwaulemu kuti mawu anga ndi ofooka, paguwa ndingagoneke anthu, koma m'kalasi ndingathandize. Sindinatsutse, popeza anthu owodzerawo ndinali nditawaona ndi maso anga. Motero ananditumiza kugombe la nyanja ya Chilwa, kufupi ndi Kachulu, kuti ndikatsegule kalasi ya alaliki a m'midzi. Mpingo wathu kumeneko unali ndi nyumba za mapemphero zambiri zomwazikana m'madambo a mpunga, koma m'busa anali mmodzi, ndipo ankakhala kutali ku Songani. Lamulungu lililonse, ndiponso pamaliro alionse, oimirira patsogolo anali akulu a mpingo: asodzi, alimi a mpunga, ogulitsa matemba. Ntchito yanga inali kuwaphunzitsa kuti munthu akatsegula Baibulo asangotola vesi n'kuthamanga nalo, koma ayambe wamva nkhani yonse, adziwe amene ankauzidwa mawuwo poyamba ndi vuto limene linali pakati pawo, kenako ndi pamene awabweretse kwa anthu a kwathu kuno. Maphunziro anali a zaka zitatu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Pamapeto pake munthu ankayesedwa pamaso pa mpingo: awerenge ndime mokweza, ndipo alalikire pa ndime yomweyo. Wopambana ankalandira satifiketi yomulola kulalikira ndi kutsogolera maliro.

Bwana wanga anali Abusa Chimwaza. Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa, chifukwa sanali wotero. Anali wamfupi, waukhondo, wokonda mapepala osanjika bwino, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi pa njinga yamoto atamanga mpango pamphuno poopa fumbi. Tsiku loyamba anandiuza chifukwa chimene anapemphera kalasiyo. "Aphunzitsi," anatero, "ine ndinakhalapo pamaliro ena pamene mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti Baibulo likuletsa mkazi wamasiye kuthira mchere m'ndiwo. Anatchula mutu ndi vesi, ndipo anthu anavomera kuti ameni. Nditatsegula pamene ananenapo ndinapeza mndandanda wa mayina. Kuyambira lero, munthu wosatha kuwerenga yekha asaime paguwa langa." Ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinali wazaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mutu wanga unali wodzaza mabuku a Chingerezi.

Za kusowa kwa zipangizo ndingalembe buku lapadera. Ophunzira anali khumi ndi asanu ndi mmodzi, Mabaibulo anali anayi, ndipo limodzi chiswe chinali chitadya makalata onse a kumapeto. Bolodi yathu inali chitseko chakale chimene tinachipaka makala a m'mabatire a wailesi. Choko chikatha ndinkalembera chinangwa chouma, ndipo ophunzira ankandiseka kuti aphunzitsi akulemba ndi chakudya pamene ana akugona ndi njala. Nyumba imene anatipatsa inkadontha pamalo asanu. Madzi a pamjigo anali amchere, udzudzu unali wochita kuukupa ndi dzanja, ndipo iwe woyamba kubadwa malungo sankakusiya mwezi wathunthu. Mayi anu sanali odandaula, koma chaka chachiwiri anayamba kumafunsa mofatsa ngati mpingo ulibe malo ena kumtunda.

Kuchepa kwa Mabaibuloko ndi kumene kunabisa nkhani ya a Layisoni. Anthu anayi akamaweramira buku limodzi, sudziwa amene akuwerenga ndi amene akungoyang'ana.

Chaka chimodzi nyanja isanaphwe

A Layisoni anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, msodzi wotchera miono m'njedza, udzu wautali wa m'mphepete mwa nyanja. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo akakwiya kapena akaseka kwambiri Chilomwe chinkawatulukira chokha. Ankakhala kumbuyo kwa kalasi, malaya akununkha utsi wowambira mlamba. Sankayankhula kawirikawiri, koma akafunsa funso ndinkapita nalo kunyumba. Ndikanena kuti wina awerenge ndime ya lero, iwo ankatha kuimirira, Baibulo lili m'manja, n'kuinena yonse osaphonya liwu. Ndinkawatchula ngati chitsanzo pamaso pa anzawo.

Tsiku lina masana ndinapatukira kwawo ndikuchokera koona wodwala. Ndinafika kuseri kwa nyumba osaodira mokweza, ndipo ndinapeza akazi awo, Anambewe, atakhala pamphasa, Baibulo lawo lakale lili pamiyendo, akuwerenga ndime imene ndinali nditalengeza kuti tidzaphunzira Lachisanu. A Layisoni anali pambali akukonza mono, maso ali pa nsungwi, pakamwa pakubwereza. Anambewe anawerenga katatu. Kachinayi bambo aja anainena okha, mayi akutsatira ndi chala. Pamenepo ndi pamene anandiona.

"Mwatipeza tili m'kalasi, aphunzitsi," anatero akuseka, koma kusekako kunali kwa pakamwa pokha. "Ine sukulu ndinangoidutsa panja popita kunyanja. Maso anga ndi amayiwa."

"Nanga zija mumawerenga m'kalasi?"

"Zimakhala zili m'mutu kale. Baibulo ndimangoligwira kuti manja asasowe chochita."

Ndinawakumbutsa lamulo la abusa. Anaika mono pansi n'kundiyang'ana. "Ndiye mundichotsa, eti?"

Ndinati iyayi. Ndinawalonjeza kuti sindiuza munthu, ndipo ndiwaphunzitsa kuwerenga ine ndemwe, popeza nthawi inalipo, pafupifupi zaka ziwiri. Tinayambadi. Anadziwa zilembo, anadziwa manambala, anatha kulemba dzina lawo mokhotakhota. Koma kulumikiza zilembo kuti zikhale mawu kunkawatulutsa thukuta kuposa kukankha bwato m'matope. Ankati akafika kumapeto kwa liwu, chiyambi chake chathawa kale. Kenako kunabwera kuoka mpunga, kenako malungo ako aja, kenako njinga yanga inathyoka foloko. Ndinkati tiyambiranso mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu wake ndinali ine, osati iwo.

Chaka chimene nyanja inaphwa, 1995

Inu munali aang'ono, simungakumbuke. Madzi anayamba kuthawa gombe pang'onopang'ono, mpaka pa Kachulu mabwato anangotsala ali gone pamatope ong'aluka. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Fungo la nsomba zakufa linakhala milungu ingapo, kenako linatha, ndipo kutha kwakeko kunali koopsa kuposa fungolo. Amuna ambiri anabalalika kukasaka maganyu, ndipo kalasi yanga inatsala ndi anthu asanu ndi awiri. Maliro anachuluka, makamaka a ana.

Nthawi ngati imeneyo aliyense amasanduka mneneri. M'misika ndi m'matchalitchi ulaliki unali umodzi: Mulungu waumitsa nyanja chifukwa cha mowa ndi chiwerewere cha padoko. Mayi wina wa mumpingo mwathu, amene ankagulitsa mowa asanatembenuke, anataya mwana wazaka zitatu, ndipo anthu ankanong'onezana pamaliro pomwepo kuti nkhuyu zodya mayi zapota mwana. Ophunzira anga ankaloledwa kulalikira ine ndikakhalapo, choncho ndinapempha a Layisoni kuti ayankhule.

Sanakweze mawu. Anafotokoza nkhani ija ya m'Baibulo ya anthu amene nsanja inawagwera, ndi mmene Ambuye anakanira kuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo. Anayamba ndi kunena amene ankauzidwa mawuwo ndi chimene ankafuna kumva, monga ndinkaphunzitsira. Kenako anatembenukira kunyanja. "Abale, nyanjayi inaphwapo ine ndili mnyamata, ndipo agogo anga anandiuza kuti inaphwaponso iwo atangofika kumene kuno. Ngati yaphwa chifukwa cha machimo, nanga bwanji mipope ya m'tauni ikutulukabe madzi? Kodi ku Zomba ochimwa anatha?" Anthu ena anaseka pang'ono, pamaliro pomwepo, kenako anachita manyazi. Ndiye anatsitsa mawu n'kunena kuti amene akufuna kuwerenga machimo ayambe ndi a m'nyumba mwake, ndipo mayi wolirayu timusiye alire mwana wake popanda kumusenzetsa mlandu umene Mulungu sanamupatse. Mayi uja, amene kuyambira m'mawa anali atangouma gwa, anayamba kulira, ndipo amayi anzake anamuyandikira.

Ndikuuzeni zoona, ndinachita nsanje. Zimene ine ndinazitola m'zaka zinayi ndi mabuku olemera, munthu uyu anazichita ndi makutu okha, ndipo anazifikitsa pamtima pa anthu, pamene ine sindinafikepo moyo wanga wonse. Pobwerera ndinawauza kuti alalikira bwino. Anati, "Ndi maphunziro anu omwewo, aphunzitsi. Kale ndikanati nanenso ndi chilango."

Chaka chotsatira, mwezi wa mayeso

Mayeso atayandikira, Abusa Chimwaza anandiitanitsa ku Songani. Mphekesera inali itawafika. Sindinafufuze amene anaipititsa, ngakhale m'kalasi munali bambo wina wogula ndi kugulitsa matemba, wowerenga bwino, amene ankapemphera nyumba imodzi ndi a Layisoni, ndipo nyumbayo inkafunika mlaliki mmodzi yekha. Abusa anandipatsa tiyi, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Aphunzitsi, ophunzira anu onse amawerenga?"

"Mudzaona nokha tsiku la mayeso, abusa."

Anaika kapu yawo pansi. "Chabwino. Ndime musankha ndinu, monga mwa mwambo wathu. Ine sindilowererapo. Koma satifiketi iliyonse imakhala ndi dzina lanu pansi pa langa, ndipo mlandu suola. Zikadzadziwika mawa kuti tinaika paguwa munthu wongoloweza, ine ndidzati ndinafunsa." Kenako, ngati akusintha nkhani, anandiuza kuti kalasi yaikulu ya ku Songani ikufuna mphunzitsi chaka chamawa, nyumba yake ndi yamalata, chipatala chili pafupi, ndipo dzina langa latchulidwa.

Mwambo wa mayeso unali wotere: mphunzitsi ankalemba ndime pa kapepala, n'kukapereka kwa woyesedwa m'mawa wa tsiku lomwelo, mpingo ukuona. Choncho zonse zinali m'manja mwanga, ndipo njira zinali zitatu. Ndikanatha kuwapatsa a Layisoni ndime imene ndinkadziwa kuti ili m'mutu mwawo, ndipo zinalipo zambiri. Akanapambana, koma likanakhala bodza, ndipo bodzalo likanakhala ndi dzina langa. Ndikanathanso kupita kwa abusa n'kuvomera poyera kuti munthuyu satha kuwerenga, ine ndakhala ndikudziwa, koma ndi mlaliki woposa onse amene ndaphunzitsa, ndiye tipeze njira yomuyesera pakamwa. Imeneyi ndiyo inali njira yoongoka, koma inafuna kuti ndiulule kuti ndinabisa nkhani zaka ziwiri, ndipo nyumba yamalata ija ikanapita. Njira yachitatu inali yongosankha ndime yachilendo n'kukhala chete. Njira imeneyi sinkafunika kunama, sinkafunikanso kuulula kanthu. Ndinadziuza kuti ndikuteteza choonadi, kuti munthu wophunzitsa anzake kusapotoza Malemba sangapotoze mayeso. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zimenezo. Lero ndili ndi imvi ndipo ndikutha kunena kuti ndinkaopa, basi.

Kutatsala tsiku limodzi, a Layisoni anabwera kunyumba ndi kathumba ka mpunga wa mayi anu, mpunga umene chaka chimenecho unali wosowa. Sanakhale pansi. "Ine sindinabwere kudzafunsa ndime, aphunzitsi," anatero. "Mukudziwa zimene ndikudziwa, mukudziwanso zimene sindikudziwa. Ndangoti ndikuoneni." Ndinawauza kuti akapumule bwino, Mulungu atsogolera. Kapepala kanali kale m'thumba la malaya anga. Ndinali nditalembapo ndime ya mneneri wina wa kumapeto kwa Chipangano Chakale, amene ngakhale abusa ambiri amamupeza atayamba ayang'ana pa mndandanda wa mabuku. Sindinawachenjeze ngakhale kuti adwale dala, asabwere.

Linali Loweruka m'mawa, ndipo nyumba ya mapemphero inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Abusa ndi akulu awiri a komiti anakhala patebulo kutsogolo, ine pambali pawo ndi mapepala olembapo mamalikisi. Anthu atatu anayesedwa n'kudutsa, kuphatikizapo wa matemba uja, amene anawerenga mosadodoma n'kulalikira zimene palibe anazikumbuka pofika masana. Wachinayi anali a Layisoni. Anavala jekete yobwereka, yaitali manja. Anambewe anakhala pamphasa kutsogolo pakati pa amayi, ana awo ndi apongozi awo ali pomwepo.

Ndinawapatsa kapepala kaja. Anakayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kutsegula masamba. Anapita kutsogolo, anabwerera m'mbuyo. Mkulu wina wa komiti anadzuka n'kuwatsegulira. Anaika chala pa nambala ya vesi, popeza manambala ankawadziwa, ndipo anayamba kutchula chilembo chimodzichimodzi monga ndinkawaphunzitsira pakhonde pawo. Liwu loyamba linatuluka. Lachiwiri linatuluka theka. Kenako kunali zii. Ndinkamva mwana akuyamwa kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi. Anambewe anali ataweramitsa mutu, manja atagwira chitenje pamaondo.

A Layisoni anatseka Baibulo mwaulemu n'kuliika patebulo. "Abusa, aphunzitsi, ndi mpingo wonse," anatero, mawu osanjenjemera, "ine kuwerenga sinditha. Sindinathepo chibadwire. Koma wina andiwerengere kamodzi kokha, ndilalikira, ndipo mukapeza kuti ndanena zimene mulibe m'ndimemo mundichotse."

Abusa Chimwaza anatembenuka n'kundiyang'ana. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndikanadzuka n'kutenga Baibulo lija, akanandisiya ndiwerenge. Sanali munthu wouma mtima, ankangofuna wina woti asenze naye nkhaniyo. Anadikira ndithu. Ine ndinayang'ana pa pepala langa la mamalikisi ngati pali china chofunika kulemba.

"Khalani pansi, bambo," anatero abusa. "Wotsatira."

Zaka ziwiri nyanja itabwerera

Madzi anabwerera, ndipo ife tinasamukira ku Songani, m'nyumba yamalata ija. Iwe malungo anakusiya, mayi anu ananenepa, ndipo ine anandisankha kukhala mlembi wa bwalo la akulu a mpingo. Nyumba ya mapemphero ya kwa a Layisoni inapatsidwa kwa wa matemba uja. Vuto linali loti bambo ameneyu masiku ambiri ankakhala ku Limbe ndi katundu wake. Imfa siyembekeza kuti munthu agulitse matemba athe. Maliro akagwa iye kulibe, anthu ankapita kwa a Layisoni, ndipo iwo ankapita. Anambewe ankawawerengera ndime m'mawa, masana iwo n'kukaimirira kumanda.

Bwalo linawachenjeza kawiri. Kachiwiri anabwera okha ku Songani, wapansi mbali yaikulu ya njira. Anati, "Ine sindikulimbana ndi lamulo. Paguwa sindinaimenso chichokereni tsiku lija. Koma munthu wabwera pakhomo panga akulira, thupi layamba kuvuta chifukwa cha kutentha, mlaliki ali ku Limbe. Ndimuuze kuti akamutaye m'bale wake ngati galu?" Bwalo linagamula kuti popeza sakumvera, adulidwe mumpingo. Kwa inu amene munakulira m'tauni, kudulidwa kunkatanthauza kuti munthu sadya mgonero, sayankhula mumpingo, ndipo akamwalira asanabwezeredwe maliro ake sayimbidwa nyimbo kapena kulalikidwa. Ine sindinakweze dzanja kuvomereza, sindinakwezenso dzanja kutsutsa. Ndinali mlembi, ndinalemba.

Kalata inafunika kuperekedwa pamanja, ndipo abusa anati ndipite ndine popeza ndinkadziwa njira. Ndinawapeza pakhonde lomwe lija. Anandilandira bwino, anafunsa za mayi anu ndi za inu mmodzimmodzi. Nditatulutsa envulopu anaipereka kwa akazi awo monga ankachitira ndi pepala lililonse. Anambewe anaitsegula, anayendetsa maso mizere iwiri, n'kuibweza kwa ine.

"Ine bambowa ndimawawerengera Mawu a Mulungu," anatero. "Izi werengani ndinu, aphunzitsi."

Ndinawerenga. Inali kalata yaifupi, koma sindinawerengepo chinthu chachitali chotero. A Layisoni anamvetsera atapendeketsa mutu, monga ankachitira pomvera ndime. Nditamaliza anafunsa ngati ndathera pomwepo. Ndinati kwatsala mayina a osayina. Anati ndiwerengenso amenewo. Ndinatchula la abusa, kenako langa.

"Chabwino," anatero. "Mwayenda ulendo wautali. Amayi, aphunzitsi asabwerere ndi njala."

Ndinadya. Mpaka lero sindidziwa mmene chakudyacho chinatsikira.

Chaka chachisanu nyanja itabwerera

Njira yobwerera mumpingo inalipo. Ankangofunika kulonjeza pamaso pa bwalo kuti sadzatsogoleranso maliro. Ndinawatumizira uthenga kawiri, ndipo kawiri konse anayankha kuti sangalonjeze chinthu chimene akudziwa kuti sachisunga. Ndinamva kuti Lamulungu ankabwerabe, n'kukhala panja pansi pa windo, ulaliki ukatha n'kumapita nyimbo yomaliza isanathe.

Ndinene pano kuti patapita zaka zambiri mpingo unasintha lamulo lija. Tsopano munthu wosatha kuwerenga amayesedwa pakamwa, ndipo amaloledwa kukhala ndi womuwerengera. Ine ndinali m'komiti imene inasintha, ndipo tsiku londitsanzika lija wina anaimirira n'kunditamanda kuti ndinali bwenzi la alaliki osaphunzira. Inu munaomba m'manja. Pamene lamulolo linkasintha n'kuti Abusa Chimwaza atapuma kale, ine ndili wamkulu woti palibe akanandichotsa, ndipo a Layisoni atagona m'manda zaka khumi. Kulimba mtima kwa nthawi imeneyo kunali kotchipa.

Anamwalira ndi chifuwa, nyengo yokolola mpunga. Uthenga unandipeza m'kalasi. Ndinakwera minibasi ya ku Kachulu m'mawa mwake, Baibulo lili m'chikwama, ndipo njira yonse ndinkakonza ulaliki. Ndinali nditatsimikiza kuti ulendo uno ndiimirira, ndiyambitsa nyimbo, ndilalikira, bwalo lichite zimene lingachite. Pa Songani ndinali wolimba ndithu. Pofika pakati pa njira ndinayamba kukumbukira kuti nyumba yamalata ija inali ya mpingo, ndipo awiri mwa inu munali pasukulu.

Anthu anali ambiri kuposa maliro alionse amene ndinaonapo kugombe kuja. Panalibe banja limene a Layisoni sanaliikire munthu. Koma panali bata lachilendo. Amayi a mpingo anabwera opanda yunifolomu, atangokhala phee, ndipo akulu a mpingo anali pansi pa mtengo akuyang'ana pansi. Nditafika mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinaona kuti akudikira, popeza pagulu lonselo ndine ndekha amene ndikanayamba, iwo n'kutsatira.

Ndisanakhale pansi, mayi wina anadzandinong'oneza kuti Anambewe akundifuna m'nyumba. Ndinalowa, ndinagwada pafupi ndi khomo, ndinapepesa. Anali atakhala pambali pa bokosi, maso otupa, koma mawu awo anali okhazikika.

"Aphunzitsi, mwachita bwino kubwera. Bambowa anasiya mawu anu. Anati aphunzitsi adzabwera ndithu pamaliro anga, ndipo anthu adzafuna kuti alalikire. Musadzawavutitse. Ali ndi ana pasukulu, angawachotse ntchito. Ndiye ndawauza kale akuluakulu panjapo kuti asakupempheni kanthu. Inu mungokhala nafe basi."

Ana anga, apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira kuyambira tsamba loyamba. Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana, kuti ndinatuluka n'kuyambitsa nyimbo. Sindinatero. Chimene ndinamva mumtima mwanga, ndili chogwada pafupi ndi bokosi la munthu uja, chinali kupepukidwa. Ndinamva ngati munthu amene amutula mtolo. Ndinati, "Zikomo, mayi," ndipo ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi anzanga.

Tinawanyamula a Layisoni masana dzuwa lili pamutu, njira yonse ya kumanda popanda nyimbo. Munthu amene anatonthoza mudzi wonse tinamutsitsira m'dzenje kukumveka makasu okha. Mfumu inathokoza anthu chifukwa chobwera, ndipo tinabalalika. Chikwama changa sindinachitsegule, ndipo ndinapeza minibasi yomaliza ya ku Zomba isananyamuke.